Chithunzi cha Dokotala wa a Umboni

Pa nyuzipepala imene ankagwirapo ntchito, palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Umboni, kuyambira Mkonzi mpaka mlonda wa pageti, chifukwa munthu ukangowauza kuti kunja kukugwa mvula, iwo ankayamba akankhira magalasi m'mwamba n'kufunsa kuti, "Umboni uli kuti?" Dzinalo ankalidziwa ndipo ankalikonda, ngakhale ankachita ngati sakulimva.

Ntchito yawo inali yotsimikiza zithunzi. Chithunzi chikayamba kuzungulira m'mafoni a anthu, kaya cha mlatho wogumuka kaya cha ng'ona ili m'sitolo, chinkafika pa desiki pawo, ndipo ankachipenda mpaka kunena kumene chinajambulidwa ndi nthawi yake. Luso limeneli analiphunzira atakula kale, pa maphunziro ena amene anachitikira ku hotela ina, ndipo setifiketi yake anaipachika pamalo oti wolowa mu ofesi ayambe waipatsa moni iyoyo asanawaone eni ake. Koma tisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Vuto linali loti ankadziwanso kuti akuidziwa.

Chinthu china chimene ankayenda nacho pachifuwa chinali mwana wawo wamkazi, wachisamba, amene anapita kunja kukaphunzira za udokotala. Mwanayo anali asanabayepo munthu jakisoni, koma bambo ake anali atayamba kale kumutchula Dokotala. "Dokotala akuti kumeneko kwayamba kuzizira koopsa." "Dokotala akuti ndichepetse mchere." Anthu a mu ofesimo ankadziwa nyengo ya dziko limenelo kuposa ya kwawo.

Ndiye Mkonzi atawapempha kuti aphunzitse atolankhani atsopano mmene amafufuzira zithunzi, a Umboni anavomera mwaulemu wa munthu amene wakhala akudikira pempholo kwa nthawi yaitali. Anavala tayi. Anakwera ku chipinda cha misonkhano, chapamwamba penipeni pa nyumba ya nyuzipepalayo, anatseka makatani onse, nayatsa pulojekita yoonetsera zithunzi pakhoma. Achinyamata aja anakhala m'mizere, zolembera m'manja. Kumbuyo kunakhala Mkonzi ndi mkulu wa nkhani zamasewero, mnzawo wa kalekale wa a Umboni, amene anabwera chifukwa cha mabisiketi basi ndipo sanabise zimenezo.

"Lamulo loyamba," anatero a Umboni, manja kumbuyo. "Chithunzi sichinama. Amene amanama ndi mawu olembedwa pansi pake. Lamulo lachiwiri: musakhulupirire munthu aliyense, ngakhale mayi anu okuberekani."

"Lachiwirilo kunyumba kwanu amalidziwa?" anafunsa wa zamasewero, kukamwa kuli bisiketi.

"Madala, inu idyani. Pano tikuphunzitsa anthu a tsogolo."

Anali atakonza chithunzi cha mlatho uja kuti ndicho aphunzitsire. Koma m'mawa womwewo Dokotala anali atatumiza chithunzi chatsopano pa gulu la banja la pafoni, ndipo ali m'makwerero maganizo anawabwerera: bwanji anawa aone luso, aonenso mwana? Chithunzicho anali atangochiyang'ana kamodzi akumwa tiyi, ndi maso a kholo. Maso a ntchito anali asanawavale.

Chinatuluka pakhoma, chachikulu ngati chitseko. Dokotala anali ataima pakhonde la nyumba yosanja, atavala chikhoti chofika m'maondo, mpango m'khosi, chipewa chaubweya kumutu, kapu m'manja. Kumbuyo kwake kunali khoma loyera ndi zenera lalikulu la galasi lakuda. Pansi pake analemba kuti, "Moni wochokera kuno kozizira, Adadi."

"Uyu ndi mwana wanga," anatero a Umboni, ngati akunena zinthu zopanda pake. "Akuphunzira udokotala kunja. Koma lero si mwana wanga. Lero ndi chithunzi. Tiyerekeze kuti sitikudziwa kumene ali, ndipo tikamatuluka muno tikhala titapeza mzinda, msewu ndi tsiku."

Anayamba monga mwa nthawi zonse. Anachiponya pa intaneti kuti aone ngati chinaonekapo kwina, ndipo sichinapezeke paliponse. "Ndiye kuti ndi chatsopano, sichobedwa." Anatsegula m'kati mwa fayilo ya chithunzicho kufuna tsiku ndi malo, koma munali mopanda kanthu. "Chithunzi chikadutsa m'magulu a pafoni, zonsezi zimafufutika. Munthu waulesi amasiyira pomwepa. Ife tikupitirira. Tiyeni kumthunzi."

Apa mawu awo anafewa, chifukwa nkhani ya mthunzi ankaikonda kuposa zonse.

"Dziko limene kuli Dokotala lili kutali kumpoto. Nyengo ino dzuwa kumeneko silikwera, limangokwawa m'munsi ngati munthu wodwala msana. Choncho mthunzi wa munthu umatalika kuposa mwini wake, ngakhale masana. Taonani pamapazi pakepo."

Anakulitsa chithunzicho. Anthu onse anayang'ana pamapazi pa Dokotala. Mthunzi unalipo, koma unali utadzipinda pansi pa nsapato ngati kagalu kogona.

A Umboni anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, nawavalanso. Mthunzi sunatalike.

"Mwina dzuwa la kumeneko limalemekeza madokotala," anatero wa zamasewero. "Limaima chilili."

Achinyamata anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene sanalandirebe malipiro oyamba.

"N'kutheka kuti ndi chithunzi chakale," anatero a Umboni. "Cha nyengo yawo yotentha."

Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja. "Ndiye chikhoticho n'cha chiyani, bwana?"

"Funso labwino. Lemba." Iwo eni sanadziwe kuti mtsikanayo alembe chiyani. Maso awo anali atagwera pamphuno pa mwana wawo, pamene timadontho ta thukuta tinkanyezimira bwinobwino.

Munthu wina akanazimitsa pulojekita n'kunena kuti makina avuta. Makina amavuta tsiku lililonse, palibe akanadabwa. Koma a Umboni anali asanasiyepo chithunzi panjira, ndipo dzanja lawo linkapitiriza ntchito lokha ngati la munthu wina.

"Mboni imene anthu amaiwala kuitseka pakamwa," anatero, "ndi galasi. Wojambula amasamala zimene zili kutsogolo kwake. Zimene zili kumbuyo kwake, galasi limasunga."

Anadula zenera lakuda lija, analikulitsa, anawonjezera kuwala, kenako analitembenuza kuti kumanja kukhale kumanja. Mumdima muja munayamba kutuluka zinthu, pang'onopang'ono. Madenga a malata. Mawaya a magetsi opiringizana. Mtengo wautali wopanda nthambi mbali imodzi. Ndipo chapatali, nyumba yosanja yachikasu, pamwamba pake thanki yamadzi yobiriwira, pambali pa thankiyo dishi yaikulu ya setilaiti itaweramira pansi ngati ikupepesa.

 

Wa zamasewero anasiya kutafuna. Anayang'ana pakhoma, anayang'ana kudenga, nayang'ananso pakhoma.

"Akulu," anatero chapansipansi, "dishi imeneyo si ili pamutu pathu panoyi?"

Inali yomweyo. Palibe muno amene akanaisokoneza ndi ina. Mphepo ya mkuntho inaikhotetsa kumayambiriro kwa mwezi womwewo, ndipo a Umboni ndi amene ankavutitsa oyang'anira nyumbayo tsiku ndi tsiku kuti aikonze isanagwere munthu. Tsopano inali pakhoma, m'galasi la kumbuyo kwa mwana wawo amene anali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu.

Mkonzi anaimirira. Anali mayi wodziwa nthawi yotsekera nkhani. "Tiyeni tipume kaye, timwe tiyi. Akulu, tidzapitiriza tsiku lina."

"Sitinamalize," anatero a Umboni. Sanamuyang'ane. "Tsiku tapeza. Dishi inakhota mwezi uno, ndiye chithunzichi ndi cha mwezi uno, masana dzuwa lili paliwombo. Tatsala ndi malo."

"Akulu, zisiyeni," anatero Mkonzi.

"Ndati tatsala ndi malo."

Anatsegula mapu a setilaiti. Anapeza denga la nyumba ya nyuzipepalayo, anapeza mtengo wopanda nthambi uja, najambula mzere kuchokera pa dishi kudutsa pamtengo. Mzerewo unawoloka msewu waukulu, unadumpha depoti ya mabasi, n'kukagwera pa kanyumba kosanja kamodzi ka denga lofiira. Anthu onse anali ataona kale kuti chinali chapafupi kungotsegula katani, koma palibe analimba mtima kunena. A Umboni anamaliza mzere wawo, anaika kadontho kofiira pamalopo, kenako anapita pazenera n'kukoka katani.

Kuwala kunalowa. Kuseri kwa depoti, kanyumba ka denga lofiira kanali pomwepo, khonde lake litayang'ana kuno. Pachitsulo cha khondelo panali chinthu chakuda, chachitali, chitayanikidwa kuti chipitidwe mphepo. Ngakhale munthu wopanda setifiketi akanadziwa kuti ndi chikhoti.

"Mwaona," anatero a Umboni, akuyang'anabe kunja. "Njira imeneyi imagwira ntchito. Pali funso?"

Panalibe funso.

Anatsika makwerero atagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Atafika pakati anakhala pansi, anatulutsa foni naimbira akazi awo.

"Amake mwana, mwana ali kuti?"

Kumbali inayo kunamveka madzi a pampopi akutsekedwa. "Mwafunsa bwanji?"

"Ndafunsa kuti ali kuti."

"Ali moyo. Ali bwinobwino. Mwaona chiyani?"

"Mthunzi."

Mayi aja anapuma mpweya wautali. "Ndinamuuza ine. Ndinati zithunzi uzinditumizira ine ndekha, bambo akowo ndi afiti a zithunzi. Iye akuti ayi, Adadi akudandaula kuti sindikuwatumizira kanthu."

A Umboni anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana, ngati kuti nayonso ifunika kuifufuza. "Ndiye inu mumadziwa?"

"Ndinakamulandira ndine kubwalo la ndege. Tsiku lija ndinati ndikukaona mnzanga kuchipatala."

"Tsiku liti?"

"Lija munandipatsa zipatso kuti ndikapatse wodwalayo. Anadya ndi mwana wanu, musadandaule."

Zimenezo zinali miyezi ingapo m'mbuyomo. A Umboni anawerengera m'mutu nkhani zonse za kuzizira zimene anakamba mu ofesi kuchokera nthawi imeneyo.

"Ndani winanso akudziwa?"

"Achemwali anu. Chipinda chimene akugonacho ndi chawo, chapamwamba pa sitolo ya mankhwala ija ya kuseri kwa depoti. Masana amathandiza m'sitolomo. Ang'ono ake akudziwa. Mlonda wa kuntchito kwanuko amagula mankhwala ake a shuga pomwepo, ndiye naye akudziwa, koma ndi munthu waulemu."

"Mlonda," anatero a Umboni. M'mawa womwewo mlondayo anali atawafunsa kuti Dokotala akupeza bwanji kunjako, ndipo iwo anamuyankha mwatsatanetsatane, mpaka za chipale chofewa.

"Bwanji osandiuza?"

"Tinayesa, bambo. Tsiku limene tinapangana kuti tikuuzeni, munabwera ndi anzanu atatu kudzawaonetsa kanema wa yunivesite yake pa wailesi yakanema. Mwanayo anali kukhitchini, kuseri kwa chitseko. Anatulukira khomo lakumbuyo." Mawu a mayiwo anasintha. "Mverani. Ngati mukupita kumeneko kukaweruza mlandu, musapite. Mwana ameneyu anabwera atatha ngati ndodo, osalankhula, osagona. Wayamba kumene kuseka. Mukamuthawitsa ulendo uno, sindikudziwa kumene tikamupeze."

Foni inaduka. A Umboni anakhalabe pamakwerero paja mpaka wa zamasewero anatsika, anawadutsa, anabwerera n'kuwaikira dzanja paphewa. 

Pageti mlonda anawatsegulira akuyang'ana kumbali, ngati kuti kumwamba kwatuluka chinthu chachilendo. A Umboni anawoloka msewu waukulu osayang'ana bwino, woyendetsa njinga yamoto nawafunsa ngati maso anawasiya kunyumba. Anadutsa m'depoti, pakati pa utsi ndi makondakitala okokera anthu m'mabasi, anadutsa pa wosoka nsapato ndi pa wokonza mafoni. Njira imeneyi ankayendamo madzulo alionse popita kokwerera basi. Sitolo ya mankhwalayo ankaidziwa. Anali asanakwezepo mutu kuyang'ana khonde la pamwamba pake, chifukwa munthu amene mwana wake ali kunja sayang'ana makonde a kuseri kwa depoti.

M'sitolomo munali fungo la sopo ndi mankhwala a chifuwa. Anthu anakhala pabenchi kudikira. Kuseri kwa kauntala, mwini sitolo ankawerenga kapepala ka kuchipatala atakasendeza kumaso, ndipo pambali pake mtsikana wovala gauni yoyera ankalongosolera agogo ena kamwedwe ka mapiritsi, mokweza ndi mobwereza, chifukwa agogowo ankamva mbali imodzi. Mtsikanayo anali atawonda. Tsitsi anali atadula. Koma kaimidwe kake, phazi limodzi pamwamba pa linzake, kanali komwe kaja ka mwana wawo ali wamng'ono.

Anakweza maso. Kabotolo kanagwa m'manja mwake n'kugubuduka mpaka pansapato za bambo ake.

"Adadi."

A Umboni anatola kabotoloko, anakayang'ana mbali zonse, nakaika pakauntala. 

Mwini sitolo anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. "Pitani kuseriko mukalankhule," anatero. "Koma musachedwe, anthu achuluka."

Kuseriko kunali kachipinda ka makatoni ndi firiji yaing'ono yong'ung'udza. Munalibe mpando. Anaima moyang'anizana, pafupi kwambiri kuposa mmene aliyense akanafunira.

"Ndinalephera mayeso, Adadi," anatero mtsikanayo, maso pa makatoni. "Kawiri. Amene ankandilipirira sukulu anasiya. Koma ngakhale akanapitiriza, sindikanatha. Tsiku loyamba kulowa m'chipinda cha mitembo ndinakomoka. Anati uzolowera. Sindinazolowere. Ndinkangokhala m'chipinda changa, makatani otseka, kumayankha mauthenga anu kuti zonse zili bwino."

"Ukanandiuza."

"Ndikanayamba bwanji? Mukaimba foni mumati, 'Dokotala, muli bwanji?' Dzina langa munasiya kulitchula tsiku limene ndinakwera ndege."

A Umboni anatsegula pakamwa kuti atsutse, chifukwa kutsutsa ndiyo inali ntchito yawo. Anafufuza m'mutu tsiku limodzi lokha limene anamutchula dzina mwanayu chichokereni, ndipo sanalipeze. 

"Mwabwera kudzanditenga," anafunsa mtsikanayo, "kapena mwabwera kudzatsimikiza?"

Funsolo linawalowa ngati singano. Anayang'ana mikono ya mwanayo, yowonda moti gauni inkaoneka yobwereka, ndipo chimene chinatuluka pakamwa pawo sichinali chimene ankafuna kunena.

"Chikhoti chija unavala masana? Dzuwa lonse lija?"

"Ndinatsala pang'ono kugwa. Chipewa chinkandiyabwa."

"Anakujambula ndani?"

"Azakhali."

"Akanaima chakumanzere pang'ono, zenera silikanalowa m'chithunzi. Azakhali akowo sanayambe amvapo malangizo chibadwire."

Mtsikanayo anawayang'ana, osakhulupirira. Kenako anaseka, kuseka kumene kunasweka pakati n'kusanduka kulira, ndipo anagwira pakamwa ndi manja onse kuti a pabenchi asamve. A Umboni anakweza dzanja, osadziwa poliika, mpaka linakatera pamutu pa mwanayo, pa tsitsi lalifupi lobaya.

"Anthu a kuntchito kwanu adzati chiyani?" anafunsa iye atapeza mpweya.

"Aona kale. Ndawaonetsa ndekha. Pakhoma, ndi pulojekita."

"Adadi!"

"Ndi mapu omwe."

Anatulutsa kansalu m'thumba n'kumupatsa. Kenako anamutchula dzina, lija anamupatsa okha tsiku limene anabadwa. Linatuluka movutikira, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa nyengo yonse ya mvula.

"Tiye kunyumba. Katundu wako tidzatenga mawa."

Mtsikanayo anapukuta m'maso, anawongola gauni. "Sindingachoke pano, ndili pantchito. Ndiweruka madzulo."

A Umboni anafuna kunena kuti iwo ndi bambo ake ndipo alankhula. Koma mwini sitolo anali atagogoda kale pachitseko, ndipo mwanayo anatuluka osapempha chilolezo, n'kubwerera kwa agogo aja amene anali akudikirabe ndi mapiritsi m'manja.

Iwo anatuluka pambuyo pake, anaima pakati pa sitolo kwakanthawi ndi tayi yawo, kenako anapita kukakhala kumapeto kwa benchi. Foni inalira m'thumba. Anali Mkonzi. Anaizimitsa. Anamvetsera mwana wawo akubwereza kachitatu kuti limodzi m'mawa, limodzi pogona, ndipo agogowo potuluka anamugwira dzanja n'kumudalitsa.

Mayi wina wobereka mwana kumbuyo analowa, anayang'ana benchi, nawagwira paphewa.

"Bambo, omaliza pamzere ndinu?"

"Ayi, mayi, pitani patsogolo. Ine sindikudwala. Ndikudikira mwana wanga aweruke."

"Mwana wanu ndi uti?"

A Umboni analoza kukauntala ndi dzanja lonse.

"Uyo wa tsitsi lalifupiyo."

"Aa, uyu? Ndi woleza mtima bwanji. Senderani pang'ono ndikhale."

Anasendera.